Ukwati Wabodza wa a Tcheya

Anthu a kutsidya kwa nyanja mpaka lero amati Tedson Maganizo ndi munthu wa mtima wabwino. Ine sindiwatsutsa. Mabulangete anafundadi, ufa anadyadi, ndipo theka la katundu amene anadzaza boti lija linachokera m'thumba mwake. Koma za momwe ndalamazo zinatulukira m'thumbamo, funsani ine Rukiya, wogulitsa usipa pamsika wa pa boma. Ndinalipo, ndipo dzanja langa linali momwemo.

Chinali chaka cha 1998, mvula ija inagwa ngati kumwamba kwabooka. Kwathu kuno inangomiza minda ya mpunga, koma kutsidya, ku Mozambique, mitsinje inasefukira n'kukokolola midzi. Asodzi amene amaoloka ndiwo anabwera ndi uthenga: nyumba zagwa, nkhokwe zapita ndi madzi, ana akugona pamtetete. Anthu amenewo si alendo kwa ife. Agogo anga aamuna anabadwira komweko, ndipo pamsika pathu palibe benchi lopanda mbale kutsidya.

Pa boma panali kalabu ya anthu opeza bwino, ankaitcha Dzanja Lothandiza. Munali eni masitolo, akapitawo a ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, ndi aphunzitsi aakulu awiri atatu, onse ovala timabaji pachifuwa. Sindinama, ntchito ankagwira. Mjigo wina ku Benga anakumbitsa ndi iwo. Atamva za madzi osefukira analonjeza kutumiza boti lodzaza ufa, mabulangete ndi zovala. Tcheya wawo anali Tedson.

Tedson ameneyu ife tinkamudziwa asanayambe kuvala tayi. Nthawi ya chipani chimodzi anali mmodzi wa anyamata oima pachipata cha msika, wopanda khadi la chipani salowa. Masiku amenewo ndi pomwe anafunsira mnzanga Keti, yemwe benchi lake layandikana ndi langa. Ankhoswe anakumana, tsiku anapangana, telala anasoka diresi. Keti anali kale ndi pakati. Ukwati utayandikira, Tedson anapeza ntchito ku esiteti, anapezanso mwana wamkazi wa bwana wina kumeneko, basi munthu uja anatembenuka. Pamaso pa ankhoswe anati mimbayo sakuidziwa, akafunse asodzi a padoko. Amalume ake a Keti atati akasume, anyamata anzake a Tedson anawayendera n'kuwafunsa ngati atopa nako kugona m'nyumba mwawo. Nkhani inathera pomwepo.

Mwana anabadwa wamkazi, dzina lake Esitere. Mpata wa m'mano, makutu oimirira, ngakhale kayendedwe kopendekera kumanzere, zonse zinali za Tedson. Wakhungu yekha ndiye akanafunsa.

Chipani chimodzi chitatha, Tedson anangosintha malaya n'kuyamba kufuula za demokalase kuposa aliyense. Ine ndinkati, “Keti, zinthu zasintha, tiye tikamuyalutse galu ameneyu.” Iye ankangoyankha kuti, “Musiye, Mulungu amaona.” Mtima woterowo ine ndilibe, ndipo ndinkapsa naye mtima Keti chifukwa cha kufatsa kwakeko.

Tsono a kalabu anayamba kuyenda m'masukulu kutolera mpunga, mwana aliyense kapu imodzi. Kusukulu kwa Esitere aphunzitsi anasankha iye kuti akapereke thumba kwa alendo, poti anali nambala wani m'kalasi. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tedson anaima pabwalo la sukulu n'kulankhula zokoma, kuti mwana aliyense wolira ndi mwana wathu, ngakhale akhale kutsidya kwa nyanja. Esitere atafika ndi thumba lija, anzake a Tedson a mu kalabu anayamba kuyang'ana uku mwana, uku tcheya, n'kumakodolana. Tedson anaziona. Pofuna kudziyeretsa, anamwetulira n'kufunsa mokweza, sukulu yonse ikumva:

“Mwana wabwino iwe, kodi ndiwe mwana wa yani?”

Ana onse anaphulika nako kuseka, chifukwa panalibe amene sankadziwa.

Masana amenewo Esitere anafika pamsika, anakhala pansi kuseri kwa benchi la amayi ake. Sanalire. Anafotokoza zonse ndi mawu ouma, kenako anati, “Amayi, ndikanayankha kuti chiyani? Kusukulu kuja ine sindipitanso.”

Keti anali akupanga timilu ta usipa. Manja ake anaima. Ndinamuyang'ana, ndinaona nkhope imene sindinaionepo zaka zonse zimene takhala moyandikana.

“Rukiya,” anatero, “ndalama zake sindikuzifuna. Dzina lakenso akhale nalo. Ndikufuna anene ndi pakamwa pake kuti mwanayu ndi wa yani. Pagulu, monga anafunsira pagulu.”

Wallahi, ndikulumbira, ndinamva kukoma mpaka m'mafupa. Mlandu suwola.

Mpata sitinachite kuusaka, unabwera wokha ndi chimkuzamawu. Msuweni wanga Habibu, amene amayendetsa mwambo m'maukwati, anadutsa mumsika akulengeza kuti Loweruka kuholo kuli ukwati wabodza wopezera thandizo la abale athu a kutsidya. Ukwati wabodza ndi masewera. Pamakhala mkwati, mkwatibwi, keke, nyimbo, zonse ngati zenizeni, koma cholinga chake ndi perekaniperekani basi. Chokoma chake n'chakuti woponya ndalama mu lichero amalamula. Ukhoza kulamula kuti mkwati avine, kapena bwana wakutiwakuti aimbe nyimbo, ndipo wolamulidwayo akafuna kukana amadziwombola ndi ndalama.

“Koma chaka chino zavuta!” anafuula Habibu. “A tcheya akhazikitsa lamulo lawolawo. Wokana azipereka kasanu! Waponya teni kwacha, wokana fifite! Ndipo mkwati ndi a tcheya eni ake!”

Lamulo limenelo Tedson analipanga kuti afinye eni masitolo. Kunalinso kubwera mayi wina wachizungu wochokera ku kalabu inzawo ya ku Ulaya, imene inalonjeza kuti pa kwacha iliyonse yopezeka idzaonjezera ina. Mphekesera inali yakuti zikayenda bwino tcheya adzaitanidwa kukaona kumeneko. Tedson anali atayamba kale kufunsa za pasipoti.

Sindinachite kunyengerera munthu. Ndinangoyenda benchi ndi benchi. Pamsika paja panalibe mayi amene Tedson sanamubwezepo pachipata dengu lili pamutu. Mayi Aziza, ogulitsa mpunga, Tedson anawagulitsapo makhadi awiri ali ndi pakati, lina la iwo, lina la mwana wa m'mimba. Nditawafotokozera anangomasula mfundo ya chitenje n'kuona zimene anali nazo.

“Kupereka tinali oti tipereka kale,” anatero. “Ndi sadaka ya abale athu. Koma tipereka mwanjira yathu.”

Tinapangana kuti tisaphatikize ndalama ayi. Aliyense adzapite yekha ndi kochepa kake, funso likhale limodzi. Uthenga unafika mpaka kudoko. Habibu ndinangomuuza mawu amodzi, kuti lamulo ndi lamulo, asadzalipinde. Munthu uja akamva fungo la mkangano mano onse amakhala panja, ndiye ndinadziwa kuti kumeneko kulibe vuto.

Esitere tinamufunsa ngati akufuna kukakhalapo. Anati apita.

Loweruka m'mawa Keti anatsegula sutikesi, anatulutsa diresi lija losavalidwa, n'kukaliponya pamulu wa zovala zopita kutsidya. Masana tinalowa muholo. Munali modzaza, akuluakulu kutsogolo pamipando, ife a fungo la usipa kumbuyo pamabenchi. Mkwati anali mu suti yakuda ndi magolovesi oyera, akunyezimira ngati nsapato yatsopano. Mkwatibwi anali mkazi wake weniweni, mayi Lughano, mayi wa ku Karonga wosalankhulalankhula, ataphimba nkhope ndi velo. M'busa anali mwini sitolo wina atadzikulunga nsalu ya pabedi. Mzungu uja anakhala pambali ndi kamera yake, wina akumumasulira.

Poyamba zinali zoseketsadi. Wina analamula kuti kapitawo wa ku esiteti avine atasenza mpando pamutu, anavina. Wina analamula kuti mwini chigayo ayende chokwawa, iye anakana n'kulipira kasanu akung'ung'udza. Tedson ndiye ankaseka kuposa onse, akuombera m'manja ndi magolovesi ake aja.

“Lamulo ndi lamulo!” ankatero. “Perekani, abale athu akuzizidwa!”

Kenako Keti anaimirira. Anayenda pakati pa holo osathamanga, anaponya ndalama mu lichero, Habibu n'kumuyandikizira maikolofoni.

“Ndapereka twente kwacha. Mkwati atiuze. Esitere, mwana wanga ali apoyo, ndi mwana wa yani?”

Wosewera nyimbo anazimitsa kaseti osauzidwa. Tedson anaseka kuseka kouma, anapisa m'thumba la jekete.

“Mafunso a kusukulu ine ayi. Ndakana!” Anaponya handiredi kwacha.

Ena kutsogolo anaomba m'manja, akuganiza kuti zatha. Ine ndinali nditaimirira kale.

“Teni kwacha,” ndinatero, ndikumuyang'ana m'maso. “Funso lomwelo. Ndi mwana wa yani?”

Anaponya fifite. Mayi Aziza anali kale kumbuyo kwanga. Pambuyo pa iwo panali wogulitsa tomato, pambuyo pake wa zitumbuwa. Tedson atakweza maso anaona mzere wa azimayi utatsata khoma mpaka kukhomo, aliyense atafumbata kake. Apo ndi pomwe kumwetulira kunachoka.

Tedson anamukodola Habibu n'kumunong'oneza. Habibu anagwedeza mutu ngati wamva chisoni, kenako anabwereza zonse pamaikolofoni.

“A tcheya akuti lamulo la kasanu lija tilisiye kaye. Tsono masiku ano ndi demokalase, munthu mmodzi sasintha lamulo. Tivote! Amene akuti lamulo lipitirire?”

Manja anakwera holo yonse. Mwini chigayo uja anakweza awiri.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanangotuluka. Akanatulukira pati? Khomo linali lodzaza azimayi. Komanso mzungu uja anali ataimirira, akujambula, maso akuwala ndi chimwemwe. Womumasulira anachita manyazi kumuuza funso lenileni, anangomuuza kuti a tcheya akupikisana ndi amayi a mumsika pa kupereka. Mayi uja ankaomba m'manja nthawi iliyonse Tedson akapisa m'thumba. Kutuluka kukanakhala kutaya ulendo wa ku Ulaya, upando, ndi ulemu wonse umene anausoka zaka zonsezi. Anasankha kulipira.

Analipira. Thumba la jekete linatha, la thalauza linatha. Anakongola ndalama kwa msungichuma wa kalabu, nazonso zinatha. Anavula wotchi, msungichuma anaiyika mtengo, inamuwombola kwa azimayi angapo, n'kutha. Magolovesi anali atanyowa ndi thukuta. Funso silinasinthe. Mayi aliyense ankalifunsa ndi mawu akeake, wina mofatsa, wina mokalipa, wina ngati akuimba. Ine ndinabwereranso kachiwiri ndi ndalama imene ndinasungira mchere ndi palafini. Sindinadandaule nayo ngakhale pang'ono.

Esitere anali pambali panga, atakhala mowongoka, manja pamaondo. Nthawi iliyonse bambo uja akati “ndakana”, mwanayo sankaphethira. Ine ndi amene ndinkamva kulasa.

Azimayi atachepa, pakhomo panalowa asodzi, ena mapazi ali ndi mchenga. Kutsogolo kwawo kunali a Sailesi, mkulu wa padoko, munthu wa imvi amene maukwati abodza si zake. Anavula chipewa, anaponya fifite kwacha mu lichero.

“Bambo Maganizo, tsiku lija munauza ankhoswe kuti akafunse asodzi. Ife tinamva, ndipo zinatiwawa. Tsono lero asodzi tabwera kudzafunsa inu.”

Holo inagwedezeka ndi phokoso. Tedson anatulutsa kiyi wa njinga yake yamoto, anamuyang'ana kanthawi, n'kumuika mu lichero. Msungichuma anatchula mtengo, mwini chigayo anati agula pompo. Njinga imeneyo inameza asodzi onse mmodzimmodzi. Wotsiriza atafunsa, mtengo wa njinga unali utathera pomwepo, ndipo mzere nawo unali utatha.

Ife tinalibenso kanthu. Ndinayang'ana amayi anzanga, aliyense akukutumula chitenje. Keti anali atawerama. Tedson anapuma mozama, anapukuta nkhope, ndipo pang'onopang'ono kumwetulira kuja kunayamba kubwerera. Anatulutsa matumba a thalauza panja kuti anthu aone kuti ndi opanda kanthu, n'kugwadira kamera ngati ngwazi. Mtima wanga unagwa. Tinali titamudyera zonse, koma chimene Keti anabwerera sitinachipeze.

“Palinso wina?” anafunsa Habibu, mawu atatsika. “Kamodzi. Kawiri.”

Mkwatibwi anakweza velo.

Mayi Lughano anaimirira, anatsegula kachikwama kawo koyera, anatulutsa teni kwacha n'kuiponya mu lichero. Sanadikire kuti awapatse maikolofoni, anaitenga okha.

“Funso limeneli ine ndalifunsa m'nyumba kuyambira tsiku limene ndinamuona mwanayu ali kumsana kwa amayi ake. Ndinkayankhidwa kuti ndine wamisala. Lero ndafunsa ndi ndalama. A Maganizo, mwana uyo ndi wa yani?”

Tedson anatembenukira kwa msungichuma. Msungichuma anali akuwerenga malata a denga. Anatembenukira kwa anzake a timabaji, onse maso pansi. Fifite kwacha yokha, munthu amene m'mawa anabwera pa njinga yamoto, inamusowa. Choipa chitsata mwini.

“Ndi wanga,” anatero chapansipansi.

“Pepani a tcheya,” anati Habibu mwaulemu wonse, akumuyandikizira maikolofoni pakamwa, “kumbuyoko sanamve.”

“Esitere ndi mwana wanga.”

Ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kunauma, ndipo sindinali ndekha. Keti sanaimbe. Anangotsamira khoma, anatseka maso, misozi ikutsika yokha. Ndinamugwira dzanja.

Koma munthu amene anasintha malaya tsiku limodzi sagwa msanga. Phokoso lisanathe, Tedson anali atagwira kale maikolofoni ndi manja awiri, nkhope ataikonza ngati ya m'busa pamaliro.

“Abale anga, lero Mulungu wandiphunzitsa. Tinasonkhana kuti tithandize ana a kutsidya, koma ine ndapeza wanga kuno. Lero ndi tsiku la chikhululukiro.” Anabweza maikolofoni, anatembenukira bwino kumene kunali kamera, n'kutambasula manja onse awiri. “Bwera, mwana wanga. Bwera kwa abambo ako.”

Zitsiru zina kutsogolo zinayamba kuomba m'manja. Mzungu uja anagwada bondo limodzi kuti ajambule bwino. Ine magazi anawira. Ndinaona chithunzicho chili kale pakhoma ku Ulaya, bambo wachifundo akukumbatira mwana wake, ife tonse titasanduka okongoletsa mwambo wake.

Esitere anaimirira. Ndinafuna kumugwira siketi, Keti anandiletsa. Mwana uja anayenda pakati pa holo ndi kayendedwe kake kopendekera kumanzere, anthu akumupatsa njira. Anafika kutsogolo, pafupi ndithu ndi manja otambasula aja, n'kuwadutsa. Anaima pa lichero, anawerama, anatulutsa m'sokosi wani kwacha yachitsulo. Inalira pogwera pa kiyi wa njinga.

Habibu anatsitsa maikolofoni kufika pakamwa pake.

“Ndapereka wani kwacha,” anatero Esitere. “Mkwati atsitse manja.”

Panalibe amene anaseka. Habibu anayang'ana mkwati.

“Mukafuna kukana, a tcheya, ndi faifi kwacha.”

Tedson anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, manja ali m'mwamba, matumba a thalauza akulendewera panja. Anayang'ana mkazi wake, mayi Lughano anatseka kachikwama kawo. Kamera inali ikudikirabe.

Manja aja anatsika pang'onopang'ono mpaka anagwera m'mbali.

Esitere sanamuyang'anenso. Anabwerera kumbuyo kwa holo, anawagwira dzanja amayi ake.

“Amayi, tiyeni. Yunifolomu yanga sinachapidwe, ndipo Lolemba tili ndi mayeso.”